Amene Amatikazingira Nkhuku

Kwa chaka chimodzi ndi miyezi itatu ndidali ndi ntchito yachiwiri imene boma silidandilembe. Usiku uliwonse, nthawi ikamathamangira 11 koloko, ndinkavala jekete, kutenga tochi ndi kandodo kanga, n'kuchoka kunyumba kwanga ku Kanjedza kukaima m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere. Ndinkadikira mwana wa mlongo wanga. Mtsikanayu adabwera kudzakhala nafe atakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo malo a kukoleji atasowa, adapeza ntchito pa imodzi mwa nyumba zogulitsa nkhuku yokazinga ndi tchipisi zomwe zachuluka pakati pa Limbe ndi Blantyre. Tsiku lomwe adalandira kalata, mayi ake adaimba foni kuchokera kumudzi akulira ndi chimwemwe. Nanenso ndidagula zakumwa, tidapemphera, tidathokoza.

Dzina la nyumbayo sinditchula. Sikuti ndikuopa munthu, koma ndikalitchula eni nyumba zinazo apumira m'mwamba n'kunena kuti nkhaniyi si yawo, pomwe anzake a mwanayu ogwira ntchito m'malo ena, omwe ankadzacheza kwathu pa tsiku lawo lopuma, ankafotokoza zofananafanana.

Akamatsika m'galimoto, fungo la mafuta ndilo linkayamba kundipeza. Lidali m'tsitsi, m'zovala, m'chikwama, mpaka pilo wake. Akalowa m'nyumba sankafuna n'kuiona komwe nkhuku. Ankapempha nsima ya usipa kapena chisoso, ndipo kawirikawiri ankasinza mbamu ili m'manja, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Kuntchito kwawo kudalibe mpando wa wantchito ngakhale umodzi, poti amati wokhala pansi amaoneka waulesi pamaso pa makasitomala. Asanagone ankayenera kuchapa yunifolomu, popeza idali imodzi yokha, n'kuifinya ndi thaulo kuti iume msanga. Magetsi akazima ankaisita m'mamawa ndi simbi yamakala. Posakhalitsa pamikono pake padayamba kuoneka timadontho takuda, tina ngati njere za mapira, tina tokulirapo. Nditafunsa, iye adangoseka. "Amalume, amenewa ndi mafuta. Aliyense kuntchito ali nato. Amene alibe ndiye kuti wayamba dzulo."

Mwezi woyamba utatha ndidachita zomwe mwini mbumba aliyense akadachita: ndidapempha kuona pepala la malipiro. Ndine wa m'boma, ndakulira pa mapepala, choncho maso anga adathamangira kumunsi. Padali mizere iwiri yochotsera. Woyamba udali wa yunifolomu, chovala cholembedwa dzina la kampani chomwe munthu sangapite nacho kutchalitchi kapena kumaliro. Wachiwiri udali ndi liwu limodzi lomwe kuyambira tsiku limenelo ndadana nalo kuposa mawu onse a m'tauni muno: shoti.

Kwa inu amene simudaimepo kuseri kwa kauntala, shoti ndi iyi. Akatseka chitseko usiku, supavaiza amawerenga ndalama za m'dirowa ya kashiya n'kuziyerekeza ndi zomwe makina akunena. Zikaperewera, kashiya ndiye walakwa, ndipo ndalamayo amaidula ku malipiro ake. Zikapitirira, palibe amamuitana kuti dzatenge. Zimenezo ndi za bwana. Tsono taganizani mmene ndalama imaperewerera pamalo otere. Loweruka la kumapeto kwa mwezi mzere umafika pakhomo, ana akulira, wina akufuna chenji cha K5,000, wina wasintha maganizo chakudya chitalembedwa kale, wina akukuonetsa uthenga wa pafoni woti watumiza ndalama pomwe uthengawo ndi wopeka, winanso wabisa ndalama yachinyengo pakati pa zenizeni. Kashiya akapempha kupita kuchimbudzi, mnzake kapena supavaiza yemweyo amaima pamakina ake, pa nambala yake. Manja atatu alowa m'dirowa imodzi, koma usiku wofunsidwa ndi mmodzi.

Kukhitchini nako kuli shoti yakeyake. Nthuli za nkhuku amaziwerenga polowa ndi potuluka. Nthuli ikagwa pansi, kapena ikapserera, kapena ikamwa mafuta chifukwa magetsi azima ili m'chiwaya jenereta isanalire, pali dzina lomwe lilembedwe pambali pake. Chomwe chidandiwawa kwambiri n'chakuti nthuliyo sankaidula pa mtengo womwe bwana adaigulira, ayi. Ankaidula pa mtengo womwe ine ndi inu timalipira pakauntala, momwe muli lendi, magetsi, msonkho ndi phindu. Ndiye kuti bwana wagulitsa nthuli yogwa pansi, ndipo woigula mokakamizidwa ndi wantchito wake yemwe, amenenso saloledwa kuidya. Inu amalonda a mumsika wa Limbe, amene tomato akakuolerani mumalira nokha, kodi mudaonapo bizinesi yokoma chonchi, yomwe ngakhale katundu wotayika amabweretsa phindu?

Nkhuku yomwe yakhalitsa m'galasi osagulidwa amaitaya. Saloledwa kuigawana, poti akuti akatero adzayamba kukazinga yambiri dala. Choncho mnyamata yemwe wadya kamodzi tsiku lonse, ali chiimire kuseri kwa filiji, amanyamula thumba la nkhuku yabwinobwino kukaliponya m'bini, ndipo potuluka mlonda amamusecha chikwama ndi matumba. Malamulo onse a pamalopo amayambira pa ganizo limodzi, lakuti wantchito ndi wakuba amene sadagwidwebe.

Wina anena kuti mwina lamulo la dziko lilibe mawu pa zimenezi. Mawu lili nawo, ndipo ndi omveka. Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, komanso kulandira malipiro oyenera. Lamulo la ntchito lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2000 limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa. N'zoona kuti limamupatsa mpata wochotsa mtengo wa katundu yemwe wantchito waononga, koma mpata umenewo si chiphaso choti aliyense woima pafupi ndi dirowa asanduke inshuwalansi ya kampani. Lamulo lomwelo limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ola loonjezera lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka, ndipo wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa holide alandire kawiri.

Pa pepala la mwana wanga padalibe mzere wa ovataimu ngakhale umodzi. Chikhalirecho, chitseko chikatsekedwa 10 koloko ntchito imayambanso: kusefa mafuta akadali otentha, kupala ziwaya, kukolopa, kutaya zinyalala, kuwerenga nthuli, kuwerenga ndalama, kuwerenganso ngati sizikugwirizana. Ola limenelo, nthawi zina awiri, silinkalembedwa paliponse, ngati kuti ntchitoyo amagwira ndi mizimu. Nanga maholide? Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pomwe ife timatengera amayi athu kukadya nkhuku atavala chitenje chatsopano, ndi limodzi mwa masiku omwe ana a eni ake amaima kuyambira m'mawa mpaka usiku osapuma. Mwana wanga sadathe n'komwe kuimbira mayi ake tsiku limenelo, chifukwa mafoni amawasiya m'kabati polowa.

Mafuta aja nawo sathera pa timadontho. Mnzake wina adaterereka atanyamula chidebe cha mafuta osefa, ndipo mwendo udasupuka kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Anzake adamuthira madzi, wina adathamanga kukagula mankhwala otsukira mano kuti amupake, poti bokosi la mankhwala lidali ndi thonje lokha. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa apantchito la 1997, lilinso ndi lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la 2000. Mnyamatayo sadamvepo za lililonse mwa awiriwa. Chomwe ankadera nkhawa ali pabedi n'chakuti akachira apeza malo ake alipo kapena ayi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa K50,000 pamwezi mu 2021, lidawakweza kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenaka K126,000 mu Juni 2025. M'zaka zomwezo kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kukwezako kudali kuthamangira minibasi yomwe yanyamuka kale. Gawani K126,000 ndi masiku 26 a ntchito, mupeza K4,846 patsiku. Mukatero kwezani maso muone mitengo yowala pamwamba pa kauntala. Mtsikana amene wapereka chakudya kwa anthu mazana patsiku sangagule imodzi mwa mbale zooneka bwinozo ndi thukuta lake la tsiku lonse, ndipo apa shoti isanadulidwe, minibasi ya m'mawa isanalipidwe.

Kuti timvetse chifukwa chomwe wantchito wa malo otere alibe mawu, tiyenera kuona komwe kaphikidwe kameneka kadachokera. Mu 1948, ku San Bernardino m'chigawo cha California ku America, abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, adatseka lesitilanti yawo kwa kanthawi n'kuisintha. Adachepetsa mitundu ya zakudya, adachotsa mbale ndi mafoloko, adachotsa operekera chakudya, ndipo ntchito yophika adaiduladula tizigawo ngati mufakitale: uyu wokazinga, uyu wopaka, uyu wokulunga. Ray Kroc adatenga nzeruyo n'kuifalitsa kuyambira mu 1955. Nkhuku ya Harland Sanders, yomwe lero timaidziwa ndi dzina la KFC, idayamba kubwereketsa dzina lake kwa amalonda ena mu 1952, ndipo idafika ku South Africa mu 1971. Kaphikidwe aka kadaoloka Limpopo ndi Zambezi mpaka kutipeza kuno, ndipo lero ngakhale nyumba zomwe eni ake ndi a konkuno, zopanda dzina lakunja, zimatsata njira yomweyo.

Nzeru ya abale aja idali yakuti malo odyera asafunenso khukhi. Khukhi waluso amavuta: amadziwa mtengo wake, ndipo akakwiya n'kuchoka makasitomala amamutsatira. Koma ngati zokometsera zimabwera m'paketi yomata, ngati wotchi ya pachiwaya ndiyo imalira kuti nkhuku yapsa, munthu aliyense angaphunzitsidwe m'masiku atatu. Ndipo amene waphunzitsidwa m'masiku atatu sachedwa kumulowa m'malo. Liwiro lomwe timalikonda lija, loti usanamalize kuwerenga chenji chakudya chafika kale, gwero lake ndi limeneli. Muofesi ya manijala wa mwana wanga mudali katoni yodzaza maenvulopu akhaki, makalata a achinyamata ofunsira ntchito, ena mwa iwo a madipuloma ndi madigiri. Katoniyo sankaibisa. Wina akadandaula, manijala sankakalipa, ankangoloza katoniyo ndi cholembera.

Mnyamata wa chiwaya yemwe amakazinga tchipisi pafupi ndi kwathu sindimusirira. Amapsa ndi dzuwa, amatsokomola ndi utsi, ndipo masiku ena mafuta ake amada ngati oilo wa galimoto. Koma pakatha chaka iye amadziwa kusiyanitsa kachewere wa ku Tsangano ndi wa ku Bembeke, amadziwa nyengo yomwe thumba limakwera mtengo, amadziwa woyenera kumukongoza ndi woyenera kumukana, ndipo tsiku lina amagula chiwaya chakechake. Mwana wanga patatha chaka ankadziwa kudina mabatani ndi kunena mawu olandirira alendo omwe adamuloweza m'Chingerezi. Amenewatu ndiwo maluso omwe timauzidwa kuti achinyamata athu akuphunzira m'malo amenewa.

Yankho la eni malowa ndikulidziwa, ndipo sindilipeputsa. Adzati tikulemba ntchito ana anu omwe boma lanu lalephera kuwalemba. Adzati mafuta ophikira adakwera, dizilo wa jenereta amasowa, ndalama zakunja zoitanitsira zipangizo zimavuta kubanki, ndipo amene adabwereka dzina lakunja amalipira mwini dzinalo gawo la ndalama zonse zomwe zalowa, kaya phindu lilipo kaya palibe. Zonsezi n'zoona. Koma taonani amene amadya pa nthuli imodzi ya nkhuku. Mwini nyumba amalandira lendi yake yonse. Mwini dzina amalandira gawo lake. A magetsi, a madzi, a msonkho, a banki, onsewa ali ndi mapangano olembedwa ndi maloya, ndipo ukachedwa amadula kapena kutseka. Palibe mmodzi mwa iwo amene amauzidwa kuti mwezi uno tikudulani chifukwa nthuli zitatu zidagwa pansi. Pa onse odyawo mmodzi yekha ndiye wofewa pofinya, ndipo ndi uja wa zipsera pamikono. Ngati bizinesi singaime popanda ola laulere la mwana wa zaka 20, ndiye kuti mwanayo adaikamo chuma chake, ndipo aitanidwe pogawana phindu.

Mawu oti thokoza kuti uli pantchito si achilendo m'dera lino. Agogo athu ku Magomero, ku Thyolo ndi ku Mulanje ankauzidwa kuti athokoze poti apatsidwa pokhala m'minda ya azungu, ndipo ankalipira ndi thangata, miyezi ya ntchito yomwe kutalika kwake ankadziwa ndi mwini munda ndi kapitawo wake. Sindikunena kuti kauntala ndi thangata. Mwana wanga palibe adamukwapula ndi chikoti, ndipo akadafuna akadatha kuchoka. Ndikungoti ola losalembedwa lili ndi mbiri yake kuno, ndipo John Chilembwe, yemwe nkhope yake ili pa ndalama zomwe kashiya amawerenga kawiri usiku uliwonse, ankalidziwa bwino.

Tsopano ndifike pa ife ogula, poti ndife ambiri. Ife a m'boma tikalandira, timasamba, timaveka ana zovala za Lamulungu, n'kupita kukadya nkhuku kuti aneba aone kuti nafenso tilipo. Palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chimayamba tikafika pakauntala. Munthu yemwe sabata yonse wakhala akugwadira abwana ake, kuwanyamulira chikwama ndi kuseka nthabwala zawo zosaseketsa, akaona mtsikana wovala kepu amasanduka nduna. "Iwe, ukugona?" "Kodi kusukulu udapitako?" "Ndiitanire manijala." Ndikulemba izi manyazi ali kumaso, chifukwa nanenso, mwana wanga asanayambe ntchitoyi, ndidatsonyapo mtsikana wina kaamba koti tchipisi chidachedwa mphindi khumi, ine amene fayilo ya mayi wamasiye idagonapo pa desiki yanga masabata atatu. Mtsikanayo adandimwetulira n'kupepesa. Lero ndikudziwa kuti kumwetulirako kudali mbali ya yunifolomu, ndipo kamera idali pamwamba pake kuona ngati wavala.

Palinso azibambo a msinkhu wanga, mphete ili kuchala, omwe amapereka ndalama atagwira dzanja la kashiya, kapena kulemba nambala ya foni kuseri kwa lisiti. Mumsewu mtsikana akhoza kumulalatira munthu wotere. Pakauntala sangathe, chifukwa dandaulo la kasitomala limalemera kuposa lake. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zoterezi, ndipo limafuna kuti pamalo a ntchito pakhale njira yodandaulira. Ndidamufunsa mwana wanga kuti kwawo amakadandaula kwa yani. Adandiyang'ana kanthawi, kenaka adati, "Kwa amene amalemba mashifiti." Sindidafunsenso kuti wolemba mashifitiyo khalidwe lake n'lotani, chifukwa yankho ndidaliona pankhope.

Za ulendo wa usiku ndiye musanene. Minibasi za mumzinda uno zimayamba kusowa 8 koloko ikadutsa. Galimoto ya kuntchito, masiku omwe idalipo, inkangotsata tala n'kumatsitsa anthu m'masiteji. Wa ku Kanjedza adali ndi mwayi, amalume ake adali ndi tochi. Nanga wa ku Bangwe, wa ku Mbayani, wa ku Machinjiri, wa ku Ndirande kumtunda m'mphepete mwa phiri, amene akatsika patala ayenera kulowa yekha m'tinjira tamdima? Wa kabaza usiku amatchula mtengo womwe umameza chigawo chachikulu cha malipiro a tsikulo. Mnzake wina adalandidwa foni ndi nsapato pafupi ndi kwawo, ndipo m'mawa mwake adafika kuntchito atadzera kupolisi. M'buku adamulemba kuti wachedwa.

Nanga ife a m'boma tili pati? Mwana wanga asanayambe ntchito adamutumiza kukapimidwa kuchipatala pofuna kutsimikiza kuti alibe matenda omwe angapatsire odya. Izi n'zoyenera, makamaka mumzinda womwe udaona kolera ya 2022 ndi 2023. Oyendera zaukhondo amabwera, amatsegula mafiliji, amayang'ana zikhadabo ndi tsitsi. Koma chomwe tikuteteza pamenepo ndi mimba ya wogula. Pa miyezi 15 mwana wanga sadaonepo munthu akumufunsa kuti udalowa nthawi yanji, utuluka nthawi yanji, tione pepala lako la malipiro. Mphamvu zolowa pamalo a ntchito ndi kufunsa mafunso amenewa lamulo lidapereka kale. Ndikudziwa zomwe anzanga anganene, poti nyimbo yake timaimba tonse m'maofesi: galimoto ilibe mafuta, ndalama sizidabwere kuchokera kulikulu. Komatu malo amenewa sali kuseri kwa phiri la Mulanje. Ali m'mbali mwa msewu waukulu, magetsi ali ngwee, ndipo ambiri a ife timakadyako nkhomaliro tikalandira alawansi ya msonkhano. Mafuta opitira kukadya amapezeka.

Bwalo loweruza milandu ya apantchito lilipo mumzinda muno, ndipo lathandiza ambiri. Koma mtsikana wodulidwa shoti sangajombe kuntchito kukatsatira mlandu womwe ungatenge miyezi, pomwe kontirakiti yake ndi ya miyezi itatu. Kontirakiti ya miyezi itatuitatu imeneyi ndiyo chingwe chachikulu. Kuchotsa munthu ntchito kumafuna chifukwa chomveka, komanso kumupatsa mpata wodziteteza. Bwana wochenjera sachotsa munthu. Amangodikira tsiku lifike n'kukhala chete. Ufulu wolowa bungwe la apantchito uli m'Malamulo Aakulu komanso m'lamulo la 1996, ndipo bungwe la ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo odyera lilipo pansi pa MCTU. Koma ndani angatchule liwu loti yuniyoni katoni ya maenvulopu ikumuyang'ana?

Ena amati ntchito imeneyi ndi yotero dziko lonse, palibe angaisinthe. Limenelo ndi bodza. McDonald's itafika ku Denmark mu 1981 idakana kulowa m'pangano la malipiro lomwe malo odyera a kumeneko ankatsata. Ogwira ntchito zina adaima kumbuyo kwa anzawo: oyendetsa malole adakana kunyamula katundu wake, osindikiza adakana kusindikiza mapepala ake. Mu 1989 kampaniyo idagonja, ndipo sidatseke, idapitiriza kugulitsa. Ku New York mu Novembala 2012 ogwira ntchito m'malo otere pafupifupi 200 adanyanyala kufuna madola 15 pa ola. Ambiri adawaseka, koma mu Epulo 2024 chigawo cha California, komwe kaphikidwe aka kadayambira, chidaika madola 20 pa ola kwa ogwira ntchito m'makampani akuluakulu a zakudya zoterezi. Ife sitili ku Denmark, ndipo palibe akupempha madola. Koma mbiri tili nayo. Mu Meyi 1992 adali anthu wamba a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead konkuno ku Blantyre omwe adayamba kunyanyala ntchito, pa nthawi yomwe kutero kudali kuika moyo pachiswe. Ife a m'boma timadziwa kunyanyala tikafuna kukwezedwa malipiro, monga tidachitira mu Febuluwale 2013. Koma sindidamvepo tikugwirizana kuti tisiye kudya pamalo pomwe amadula ana shoti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe timanena pamaliro pokha.

Zomwe ndikupempha si zakumwamba. Ola lililonse lilembedwe, kuyambira polowa mpaka pomwe loko walira, ndipo wantchito asainire. Dirowa ikhale ya munthu mmodzi, ndalama ziwerengedwe iye akuona, ndipo ngati zoperewera zili zake, zopitirira zikhalenso zake. Nthuli yogwa ikhale ya bizinesi monga mmene phindu lilili la bizinesi. Wotuluka 11 koloko usiku afikitsidwe pakhomo. Ngati zimenezi zikweza mtengo wa mbale pang'ono, ukwere. Ife amene timaitanitsa chakumwa chachiwiri osaganiza tikhoza kulipira.

Kulakwa kwanga nako ndikunene. Nditasunga mapepala a malipiro a miyezi yambiri, ndidakhala pansi usiku wina n'kulemba papepala magawo a lamulo onena za ovataimu ndi chindapusa, mwaukhondo monga timalembera m'boma. Ndidamuuza mwanayo kuti akapereke kwa manijala mwaulemu. Mayi a m'nyumba adandiletsa. "Abambo, mwanayu si wa penshoni ngati inu." Sindidamve. Mwanayo adamvera amalume ake. Manijala adawerenga, adamwetulira, n'kunena kuti nkhaniyo aitumiza kwa akuluakulu. Sabata yotsatira mashifiti ake onse adali a usiku. Kontirakiti itatha kumapeto kwa mwezi palibe adamuitana muofesi, kungoti dzina lake silidaoneke pa ndandanda ya pakhoma.

Adafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe sitidazolowere kumuona. Adatulutsa pepala lija m'chikwama, lili ndi dontho la mafuta pakona, n'kuliika patebulo. "Amalume, lamulo lanu lija ndabwera nalo." Usiku womwewo adachapa yunifolomu, adaisita, m'mawa n'kukaibweza, yunifolomu yomwe adaidulidwira ndalama mwezi woyamba. Pa malipiro omaliza adamudulanso kepu, ati idatha mtundu. Pamakina ake adapeza pataima kale mtsikana wina wa ku Bangwe, mikono idakali yosalala. Mlongo wanga kumudzi ndidangomuuza kuti kontirakiti idatha.